Mbiri ya Nicolaus Copernicus, Wofotokoza Nyengo za Caka

Mlimi ali yense adziwa nyengo za caka monga adziwa maina a ana ace. Adziwa dzinja, pamene mvula igwa ndi cimanga cikula. Adziwa masika, pamene akolola. Adziwa cisanu ca June ndi July, pamene mwera uomba panyanja ndipo akuru ndi ana aumirira pamoto m'mamawa. Adziwanso malimwe, pamene nthaka itentha mapazi ndi mitsinje iphwa. Koma mwana akafunsa atate wace cifukwa cace nyengo izi zitsatana cotero caka ndi caka osasokonezeka, ambiri a ife tisowa poyankha. Ena ayesa kuti dzuwa liyandikira m'malimwe, nilipita kutali m'cisanu. Koma tidzaona kuti sikuli tero. Mwezi uno tilemba mbiri ya munthu wa ku Ulaya amene anatha zaka makumi atatu alikulingalira za mayendedwe a dziko ndi dzuwa, naopa nthawi yaitali kuulula cimene anacipeza.

Kubadwa kwace ndi maphunziro ace

Nicolaus Copernicus anabadwa pa 19 February, 1473, m'mzinda wa Toruń, m'mbali mwa mtsinje wa Vistula, m'dziko la mfumu ya Poland. Atate wace anali wamalonda wogulitsa mkuwa, ndi amace, Barbara Watzenrode, anali mwana wa banja lolemera la m'mzindamo. Ana anali anai, amuna awiri ndi akazi awiri, ndipo Nicolaus ndiye mzime. Pofika iye zaka ngati khumi atate wace anamwalira. Pamenepo mtsibweni wace, Lucas Watzenrode, mlongo wa amace, anasamala anawo monga acitira mwini mbumba kwathu kuno. M'caka ca 1489 mtsibweniyo anakhala bishopu wa Warmia, dziko laling'ono la kufupi ndi nyanja ya Baltic, kumene bishopu anali ngati mfumu yomwe, woweruza mirandu ndi wolandira msonkho.

M'caka ca 1491 mnyamatayo analowa sukulu yaikuru ya ku Kraków, naphunzira masamu ndi za nyenyezi m'Cilatini, cinenero ca ophunzira onse a ku Ulaya masiku amenewo. M'caka ca 1496 mtsibweni wace anamtumiza ku Italy, kumzinda wa Bologna, akaphunzire malamulo a Eklesia. Kumeneko anakhala m'nyumba ya Domenico Maria Novara, mphunzitsi wa za nyenyezi, namthandiza kupenya thambo usiku. Ndipo pa 9 March, 1497, anaona mwezi ulikuphimba nyenyezi yowala ya Aldebaran, nalemba nthawi yace. M'caka ca 1500 anakhala ku Roma. M'caka ca 1501 anayamba kuphunzira za mankhwala ku Padua. Ndipo m'caka ca 1503 analandira kalata wa umboni wa malamulo ku Ferrara. Pomwepo anabwerera kwao ali wa zaka 30, ndipo sanapitenso ku Italy masiku onse a moyo wace.

Nchito zace za usana

Tisayese kuti munthu ameneyu analipidwa cifukwa ca kupenya nyenyezi, iai. Mtsibweni wace anampezera malo pakati pa akuru 16 osunga cuma ndi minda ya chalichi cacikuru ca ku Frombork, kamzinda ka asodzi ka m'mbali mwa nyanja. Akuru amenewa sanakwatira. Zaka zoyamba anakhala m'linga la bishopu ku Lidzbark, monga mlembi ndi sing'anga wace, nasamukira ku Frombork ngati m'caka ca 1510. Mtsibweniyo anamwalira m'caka ca 1512. Masiku omwewo mkuru wace Andreas, amene anayenda naye ku Italy, anagwidwa ndi nthenda imene anthu anaicha khate, nacotsedwa pakati pa anzace, namwalira zitapita zaka zowerengeka. Nzeru zonse za mankhwala zimene Nicolaus anaziphunzira ku Padua sizinatha kumciritsa mbale wace.

Kuyambira 1516 anaikidwa kapitao wa minda ya chalichi ku Olsztyn. Anayenda m'midzi kugawira alimi atsopano minda yosiyidwa, nalemba m'buku maina ao, ndi ng'ombe, akavalo ndi mbeu zimene analandira. Kumapeto a caka ca 1519 inabuka nkhondo pakati pa mfumu ya Poland ndi gulu la ankhondo a Cijeremani ochedwa Teutonic Knights, ndipo adaniwo anatentha mzinda wa Frombork. Akuru ambiri a chalichi anathawira kutali, koma Copernicus anakhala m'linga la Olsztyn, nasonkhanitsa zakudya ndi zida. Ndipo pamene adani anafika m'mwezi wa January, 1521, analephera kulowa. Analembanso za ndarama, nacenjeza akuru a dziko kuti akasula ndarama zocepa siliva, ndarama zabwino zidzasowa pamsika, pakuti anthu adzazibisa kapena kuzisungunula, ndipo mtengo wa zinthu udzakwera. Izi ndizo nchito zace za usana. Za nyenyezi anazicita usiku ndi m'nthawi zotsala.

Cimene akale anaphunzitsa

Ophunzira a nthawi ija anadziwa kale kuti dziko liri lobulungira ngati lalanje. Pa ici panalibe makani. Koma anayesa kuti lakhazikika cete pakati pa zonse, ndi kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zilizungulira tsiku ndi tsiku. Ciphunzitso ici anacilongosola Ptolemy wa ku Alexandria ngati m'caka ca 150, ndipo cinakhala zaka zoposa 1,300. Tisawaseke anthu aja, pakuti maso athu omwe atiuza cimodzimodzi: tiona dzuwa lirikuturuka kum'mawa ndi kulowa kumadzulo, ndipo pansi pa mapazi athu sitimva kanthu kogwedezeka.

Bvuto linali pa nyenyezi zisanu zoyendayenda, ndizo Mercury, Venus imene ife tiicha Nthanda, Mars, Jupiter ndi Saturn. Izi sizikhala malo amodzi pakati pa zinzace. Mars, munthu akaipenya usiku ndi usiku, aona kuti isendera kum'mawa miyezi yambiri, niima, nibwerera m'mbuyo masabata angapo, niyambanso ulendo wace. Pofuna kufotokoza ici, akale anaika njira zozungulira zazing'ono pamwamba pa zazikuru, kufikira mawerengedwe ace anabvuta ndithu. Copernicus sanakhutira nazo. Powerenga mabuku akale anapeza kuti ena mwa Ahelene anayesapo kuti dziko liyenda. Tsono anayesa kuika dzuwa pakati, ndi dziko lapansi pamodzi ndi nyenyezi zisanu zija zirikulizungulira. Pomwepo zinthu zinaima m'dongosolo lace. Iri yonse ya pafupi ndi dzuwa itsiriza ulendo wace msanga, ndi ya kutali icedwa: Mercury miyezi ngati itatu, Nthanda miyezi isanu ndi iwiri ndi theka, dziko lathu caka cimodzi, Mars zaka ngati ziwiri, Jupiter zaka ngati 12, Saturn zaka ngati 30. Ndipo kubwerera kwa Mars kunamveka. Bwato lothamanga likapitirira bwato locedwa, amene ali m'lothamangalo aona ngati linzace lirikubwerera m'mbuyo akaliyerekeza ndi mapiri a tsidya lija. Momwemo dziko lathu popitirira Mars. Cisanafike caka ca 1514 analemba maganizo awa pa mapepala owerengeka, osaikapo dzina lace, napatsa abwenzi ocepa okha.

Mzati wopendekeka

Tsono tifika pa mau a nyengo, ndipo tipempha owerenga atsate pang'onopang'ono. Copernicus anaphunzitsa kuti dziko litembenuka ngati nguli, kamodzi pa tsiku, ndipo ici cipatsa usana ndi usiku: mbali yopenya dzuwa iri ndi usana, inzace iri ndi usiku. Pomatembenuka cotero liyendanso ulendo waukuru wozungulira dzuwa, niliutsiriza pa masiku 365 ndi maora ngati asanu ndi limodzi. Ici ndico caka. Tiyerekeze mzere wopyola pakati pa dziko, kucokera ku nsonga ya kumpoto kufikira ku nsonga ya kumwera, umene dziko litembenukirapo. Tidzaucha mzati wa dziko, ngakhale suoneka ndi maso. Mzati umenewu suima cirili pa njira ya dziko, koma upendekeka. Kucokera pa kuima cirili kufikira pa kugona pansi anzeru awerenga madigiri 90. Mzati wa dziko upendekeka madigiri ngati 23 ndi theka, ndiko kuposa pang'ono limodzi la magawo anai. Ndipo cinthu cacikuru ndi ici: caka conse mzatiwo uloza malo amodzi a kuthambo osasintha. Nsonga ya kumpoto iloza kufupi ndi nyenyezi ya Polaris, imene ife okhala kumwera sitiiona.

Ali yense akhoza kuyesa ici m'nyumba mwace usiku. Ikani nyali pampando pakati pa nyumba, ndiyo dzuwa. Tengani lalanje, mulibaye ndi kamtengo kopyola pakati. Ndilo dziko ndi mzati wace. Lembani ndi khala mzere wozinga lalanjelo pakati, monga lamba. Ndiwo mzere umene ucedwa Ikweta. Pansi pace pang'ono ikani kadontho, ndilo dziko lathu. Ndi pamwamba patali, kufupi ndi kamtengo, kadontho kena, ndiko Poland. Tsono pendeketsani kamtengoko kuti nsonga yace ya pamwamba iweramire ku mbali ya khomo, nimuyende kuzungulira nyali, lalanje liri molingana ndi lawi, osasintha kumene kamtengo kaweramira.

Mukaima pakati pa nyali ndi khomo, nsonga ya pamwamba yafulatira nyali, ndipo mbali ya pansi, kumene kuli kadontho kathu, ndiyo ilandira kuunika kwambiri. Apa ndi pa 21 kapena 22 December. Mukafika tsidya lina la nyali, nsonga ya pamwamba yaweramira ku nyali, ndi mbali yathu yapewa kuunika. Apa ndi pa 21 June kapena pafupi. Pakati pa malo awiriwa, mbali iyi ndi iyo, kuunika kugwa molingana pamwamba ndi pansi. Apa ndi pa 20 kapena 21 March, ndi pa 22 kapena 23 September, pamene usana ulingana ndi usiku padziko lonse.

Kupendekeka kumeneku kubala kutentha ndi kuzizira m'njira ziwiri. Yoyamba ndiyo maimidwe a dzuwa. Mkazi woyanika ufa pamphasa adziwa kuti dzuwa la m'mamawa liri lofooka, ndi la pamutu ndilo liumitsa. Koma dzuwa ndi lomwelo. La m'mamawa lifika cam'mbali, ndipo kuunika kwace kumwazika pa malo akuru. La pamutu ligwa molunjika, ndi mphamvu yace iunjikana pa malo ang'ono. Momwemo mbali ya dziko yoweramira ku dzuwa iliona lirikukwera pamwamba masana, nitentha; yopewayo iliona lirikuyenda m'munsi, nizizira. Njira yaciwiri ndiyo kutalika kwa usana. Tembenuzani lalanje lija pa kamtengo kace, ndipo mudzaona kuti kadontho ka mbali yoweramira ku nyali kakhalitsa m'kuunika, ndi ka mbali inayo kakhalitsa mumdima. Kwathu kusiyanaku kuli kwakung'ono, pakuti tiri kufupi ndi Ikweta: ku Lilongwe usana wa December uli maora ngati 13, ndi wa June upitirira pang'ono maora 11. Koma ku Frombork, kumene anakhala Copernicus, usana wa June uli maora ngati 17, ndi wa December upitirira pang'ono maora 7. Ndipo pa nsonga zeni zeni za dziko dzuwa likhala osalowa miyezi isanu ndi umodzi, nilikhala osaturuka miyezi isanu ndi umodzi yina.

Nanga za kuyandikira kwa dzuwa? Nzoona kuti dziko lisendera pafupi pang'ono nthawi yina: poyamba pa January liri makilomita ngati 147 miliyoni kucokera ku dzuwa, ndi poyamba pa July makilomita ngati 152 miliyoni. Koma cikadakhala ici ndico cifukwa ca nyengo, maiko onse akadatentha pamodzi ndi kuzizira pamodzi. Si momwemo ai. M'January, pamene ife tilikupalira ndi thukuta, ku Poland kugwa cipale cofewa ndipo madzi a m'mathamanda auma gwa ngati mwala; m'July, pamene ife tiotha moto, iwo ali m'nyengo yao yofunda. Kupendekeka kwa mzati ndiko kufotokoza ici, pakuti mbali imodzi ikaweramira ku dzuwa inzace iyenera kulipewa. Mzatiwo ukadaima cirili, usana ukadalingana ndi usiku caka conse, ndipo December sakadasiyana kweni kweni ndi June.

Za mvula yathu Copernicus sanalemba, koma anzeru a m'mbuyo mwace anaona kuti iyo yomwe itsata dzuwa. M'dziko lathu dzuwa liima pamutu peni peni kawiri pa caka: kumapeto a October kapena poyamba pa November, polinga kumwera, ndi m'February, pobwerera kumpoto. Kumene liima pamutu nthaka itentha, mpweya ukwera, ndi mphepo za cinyezi zicokera uku ndi uku kudzakomana, nizipanga mitambo. Dera la mvula limeneli litsata dzuwa m'mbuyo, locedwa masabata angapo. Cifukwa cace mvula yathu iyamba m'November kapena December, nileka m'March kapena April. Kutentha kukula m'October koposa December popeza mitambo isanadze kudzaphimba nthaka. Ndipo m'June ndi July, dzuwa litapita kumpoto, mvula igwa ku Ethiopia ndi maiko ena a kumpoto kwa Ikweta, ife tiri m'cisanu.

Zipangizo zace za mtengo

Akale anadziwa muyeso uja wa madigiri 23 ndi theka, koma anayesa kuti njira ya dzuwa kuthambo ndiyo ipendekeka. Copernicus anaucotsa pa dzuwa, nauika pa dziko. Anauyesa yekha popenya kukwera kwa dzuwa la masana pa tsiku lalitali la June ndi pa tsiku lalifupi la December. Kusiyana kwace kuli madigiri ngati 47, ndipo theka lace ndilo kupendekeka kwa mzati. Galasi loonera kutali linali lisanapangidwe. Linadza m'caka ca 1608, iye atamwalira kale. Zipangizo zace zinali za mitengo yolembedwa mizere, ndipo nkhungu ya kunyanja inabisa thambo kawiri kawiri.

Eklesia yomwe inasowa nzeru zotere, pakuti tsiku la Paskha liwerengedwa kucokera pa tsiku lija la March lolingana usana ndi usiku. Kalendala wakale anayesa caka motalikitsa pang'ono, kotero kuti tsikulo, loyenera kugwa pa 21 March, linalikugwa pa 11 March. Pamene akuru a ku Roma anafunsa ophunzira za kukonza kalendala, Copernicus anaona kuti kutalika kwa caka kunali kusanayesedwe bwino, nalimbika kukuyesa. Ku Olsztyn analemba mizere pa khoma, napenya tsiku ndi tsiku pamene panagwa kuwala kwa dzuwa. Ndipo ina ya mizereyo ioneka pa khomalo kufikira lero. Kalendala anakonzedwa m'caka ca 1582, pamene anadumpha masiku khumi: tsiku lotsata 4 October linachedwa 15 October.

Mantha ace, ndi mlendo wa ku Wittenberg

Buku lace lalikuru analilemba zaka zambiri, koma analisunga m'nyumba. Anaopa kusekedwa ndi anthu oweruza cinthu asanaciphunzire, ndipo anadziwa mafunso amene akadzamfunsa. Dziko likathamanga cotero, bwanji mbalame ndi mitambo sizitsala m'mbuyo? Iye anayankha kuti mpweya uyenda pamodzi ndi dziko. Ndipo dziko likasuntha malo pa caka, bwanji nyenyezi zokhazikika sizioneka kusuntha? Anayankha kuti ziri kutali kosaneneka. Mayankho onse awiri anali oona, koma analibe umboni wogwira m'manja. Panalinso ena oyesa kuti ciphunzitsoco citsutsana ndi Malembo. Mbiri yace inamveka ndithu: m'caka ca 1533 munthu wina anafotokozera Papa Clement VII maganizo ace ku Roma, ndipo m'caka ca 1536 Kadinala Nikolaus von Schönberg anamlembera kalata wompempha aonetse nchito yace. Bwenzi lace Tiedemann Giese, bishopu wa Chełmno, anamkakamizanso. Koma nkhalambayo inazengereza.

M'caka ca 1539, Copernicus ali wa zaka 66, kunafika mlendo wa zaka 25, dzina lace Georg Joachim Rheticus, mphunzitsi wa masamu wa ku Wittenberg, mzinda wa Martin Luther. Masiku amenewo Akristu a ku Ulaya anali atagawikana kowawa, ndipo bishopu wa Warmia anali atalamula kuti otsata Luther acoke m'dziko lace. Koma mkuru wa Cikatolika uja analandira mnyamata wa Cilutera, nakhala naye zaka ziwiri, namphunzitsa zonse; ndipo uyu ndiye wophunzira mmodzi yekha amene anakhala naye m'moyo wace wonse. M'caka ca 1540 Rheticus anasindikiza kabuku kofotokoza mwacidule ciphunzitso ca mphunzitsi wace. Pakuona kuti sikunauka phokoso, Copernicus analola, ndipo m'caka ca 1542 Rheticus anapita nalo buku ku Nuremberg, kwa wosindikiza Johannes Petreius.

Asanatsirize, Rheticus anaitanidwa ku nchito yina ku Leipzig, nasiya kuyang'anira m'manja a mbusa Andreas Osiander. Ameneyu, poopa makani, anaika patsogolo pa buku mau ace a iye yekha, osalembapo dzina, onena kuti za m'bukumo zingokhala njira yothandiza kuwerengera, zosayenera kuyesedwa zoona. Owerenga ambiri anayesa kuti mauwo ndi a Copernicus mwini, pamene iye anakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko liyendadi. Giese anakwiya, nadandaula kwa akuru a mzinda wa Nuremberg, koma sikunathandiza.

Kumwalira kwace

Kumapeto a caka ca 1542 Copernicus anagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo nzeru zace zinayamba kuzilala. Buku linaturuka m'caka ca 1543, dzina lace De revolutionibus orbium coelestium, ndiko kunena za kuzungulira kwa zakuthambo, loperekedwa kwa Papa Paul III. Giese analembera Rheticus kuti nkhalambayo inaona buku lace lathunthu pa tsiku lomwelo la kumwalira kwace, pa 24 May, 1543, ali wa zaka 70. Anamuika pansi pa chalichi ca ku Frombork, m'manda opanda dzina.

Poyamba obvomera anali owerengeka. Ophunzira a mbali zonse ziwiri, Akatolika ndi Aprotestanti, anatsutsa. M'caka ca 1616 akuru a ku Roma analetsa bukulo kufikira litakonzedwa, ndipo m'caka ca 1633 Galileo Galilei anaweruzidwa cifukwa ca kuphunzitsa kuti dziko liyenda. Dzina la bukulo linacotsedwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa m'caka ca 1835. Ndiponso Copernicus sanalondola zonse. Anayesa kuti njira za kuthambo ziyenera kukhala zobulungira kweni kweni, nasunga zambiri za njira zazing'ono za akale. Johannes Kepler ndiye anaonetsa m'caka ca 1609 kuti njira ya Mars iri yotalika pang'ono mbali imodzi. Anayesanso kuti pafunika mayendedwe acitatu a caka ndi caka osunga mzati uloze malo amodzi. A m'mbuyo mwace anaona kuti cinthu cotembenuka cisunga cokha kumene ciloza, monga icita nguli. Koma analondola poona kuti mzatiwo upukusa mutu pang'onopang'ono, ngati nguli yoyamba kutopa. Kupukusa kumodzi kutha zaka ngati 26,000. Isaac Newton anafotokoza m'caka ca 1687 mphamvu imene igwira dziko m'njira yace. Ndipo m'caka ca 1838 Friedrich Bessel anayesa kusuntha kwakung'ono kwa nyenyezi yokhazikika, umboni uja umene Copernicus anausowa.

M'caka ca 2005 okumba anapeza mapfupa pansi pa chalichi ca ku Frombork. Anawayerekeza ndi tsitsi lopezeka m'buku lina la Copernicus, limene ankhondo a ku Sweden analitenga kale nalisunga ku Uppsala, ndipo zinagwirizana. Anamuikanso m'manda mwaulemu m'chalichi comweco pa 22 May, 2010.

Amene afuna kuona ndi maso ace cimene munthu uyu anaphunzitsa azike ndodo yoongoka pabwalo la sukulu, napenye mthunzi wace masana eni eni, kamodzi pa sabata, naike mwala pamene uthera. M'June adzaupeza wautali, woloza kumwera. Udzafupika mwezi ndi mwezi kufikira udzasowa pansi pa ndodo mvula iri pafupi. M'December udzaturuka waufupi, woloza kumpoto. M'February udzasowanso, ndipo pofika masika udzayamba kutalika kumwera monga kale. Aphunzitsi acite ici pamodzi ndi ana ao caka cathunthu, nalembe masiku ace m'buku.